Pepala likukwinyika, kukhota kapena kutsakamira mu printa yaikulu: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndalemba poganizira anzanga amene timasindikiza mapulani a nyumba, mamapu, maposita ndi ma banner kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, kaya malo anu ali pa boma, pa Linthipe, pa Lizulu kapena pa Tsangano. Amisiri ambiri odziwa makina amenewa ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuitana mmodzi ndi ndalama, ndipo ntchito imaima mukumudikira. Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi zambiri makinawo amakhala abwinobwino. Vuto limakhala pepala, kasungidwe kake, kapena zimene mwasankha pa menu. Choncho musanamasule sikulu iliyonse, yambani mwawerenga apa.

Dzulo zimatuluka bwino, lero pepala likutuluka ndi mafunde. Chasintha n'chiyani?

Kawirikawiri chasintha ndi mpweya. Pepala limapangidwa ndi tiulusi ta mitengo, ndipo tiulusito timamwa chinyezi n'kufufuma, monga chimachitira chitseko chathabwa chimene chimakana kutsekeka m'dzinja. Koma mpukutu sumwa chinyezi wonse nthawi imodzi. Mpweya umayamba kufika m'mphepete ndi pa zigawo zakunja, pakati pakadali pouma. M'mphepete mukakula kuposa pakati, pepala limasowa kolowera, ndiye limachita mafunde.

Ife a kuno tili pamalo ovuta pa nkhani imeneyi. Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,600. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula, m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri ndipo m'mawa nkhungu imakuta phiri mpaka kutsikira m'tawuni, kenaka Sepitembala ndi Okutobala kumauma ndi fumbi. Opanga makina ambiri amalemba kuti makina awo amagwira ntchito chinyezi chikakhala pakati pa 20% ndi 80%, koma pepala limagona bwino pakati pa 40% ndi 60%. Kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer n'kotchipa poyerekeza ndi mpukutu umodzi wa pepala la zithunzi. Kapachikeni pakhoma pafupi ndi makina. Pakatha mwezi mudzakhala mutadziwa nthawi imene chipinda chanu chimavuta.

Ndingasiyanitse bwanji vuto la pepala ndi la makina?

Tsegulani mpukutu watsopano womata m'pulasitiki yake, musindikize chomwecho osasintha kalikonse. Chikatuluka bwino, makina alibe mlandu. Ngati mulibe watsopano, funyululani mita imodzi kapena mamita 2 a wakalewo, mudule, muyesenso.

Liyaleninso pepalalo patebulo lisanalowe m'makina. Ngati lili kale ndi mafunde inki isanalikhudze, ndi chinyezi. Ngati mafunde akubwera pokhapokha pamene pathiridwa inki yambiri, onani funso la inki m'munsimu. Koma khwinya likamabwera pamalo amodzimodzi ndi mpukutu uliwonse, yang'anani timateyala topana pepala. Mwina kamodzi kathyoka, kapena kakanirira zomatira ndi fumbi.

Mipukutu ndiziisunga bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ambiri timapalambalala chifukwa sipaoneka ngati pofunika.

Pulasitiki imene mpukutu umabweramo musataye. Mukaweruka, chotsani mpukutu m'makina, muubwezere m'pulasitikiyo, mumange kukamwa kwake. Mpukutu wogona m'makina kuyambira Loweruka mpaka Lolemba m'mwezi wa Febuluwale umadzuka uli ndi mafunde, kuphatikizapo chizindikiro cha timateyala pamene tinaupana. Musauike pasimenti, chifukwa simenti imatulutsa chinyontho ngakhale ikuoneka youma. Musautsamiritsenso kukhoma lakunja. Ikani pashelefu, kapena pamatabwa okwezeka pang'ono, ndipo zotsekera zapulasitiki za kumapeto kwa paipi ya katoni zikhalepo kuti pepala lisagunde pansi. Kuimika mpukutu mopendama pakona kumaphwanya m'mphepete mwake, ndipo mphepete yophwanyika ndi imene imayamba kukhulidwa ndi hedi, kachipangizo koyenda uku ndi uku kothira inki papepala.

Katundu akangofika kuchokera ku Lilongwe, musathamangire kumutsegula. Mpukutu umene wayenda makilomita oposa 80 mumsewu wa M1, mwina uli kumbuyo kwa minibasi pansi pa katundu wa anthu ena, umafunika ukhale maola 24 m'chipinda chosindikiziramo uli m'pulasitiki yake, kuti kutentha kwake kufanane ndi kwa chipindacho. Ndipo ngati mungathe, pemphani kondakitala kuti aike mipukutu pamwamba pa katundu. Paipi ya katoni ikaphwanyika, mpukutu suzungulira mofanana, umachita kudumphadumpha, ndipo zimenezo sizikonzeka.

Ndikhoza kuumitsa pepala padzuwa kapena pafupi ndi mbaula?

Ayi, chonde musatero. Moto ndi dzuwa zimaumitsa mbali imodzi mofulumira, ndiye m'mphepete mumafota n'kukoka, pakati n'kutukumuka. Mwangosinthanitsa vuto ndi linzake. Phulusa la makala limakalowanso mu hedi. Kwa amene muli ndi makina a solvent, amene inki yake ndi ya mankhwala osati ya madzi, moto usayandikire n'komwe chifukwa mankhwala akewo amayaka, ndiponso mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha anthu. Ngati m'chipinda mwachuluka chinyezi, tsekani mawindo pamene kukugwa mvula kapena kuli nkhungu, ndipo ntchito zovuta muzizisiyira masana kukafunda. Amene angakwanitse, makina ochotsa chinyezi otchedwa dehumidifier amathandiza kwambiri.

Pepala limakwinyika pokhapokha pamene pali mtundu wakuda kapena chithunzi. Pomwe pali mizere yokha lili bwino.

Ndiye kuti inki yachulukira pepalalo. Makina monga HP DesignJet, Canon imagePROGRAF ndi Epson SureColor a mtundu wa T amagwiritsa ntchito inki imene gawo lake lalikulu ndi madzi. Pepala wamba la 80 gsm (gsm ndi kulemera kwa pepala, magalamu pa sikweya mita imodzi) linapangidwira mizere ya mapulani. Mukalithira chithunzi cha ukwati kapena posita ya msonkhano wa mpingo yakuda mbali zonse, limanyowa, limafufuma pamene panyowapo, n'kutukumuka.

Choyamba onani mtundu wa pepala umene mwasankha, pa makina komanso pa kompyuta. Makina sadziwa mtundu wa pepala limene mwaika, amangokhulupirira zimene mwawauza. Mukasankha pepala la zithunzi pomwe mwaika la 80 gsm, amathira inki yoyenera pepala lokhuthala. Sankhani dzina lolondola. Zikapitirira, tsitsani kuchuluka kwa inki ngati pulogalamu yanu ikulola, kapena onjezani nthawi youmira pakati pa maulendo a hedi.

Koma zoona zake n'zakuti posita ya mitundu yambiri imafuna pepala la coated, lopakidwa pamwamba kuti ligwire bwino inki, la 120 gsm kapena kuposa, ndipo ikakhala yodzaza inki ndi bwino kufika cha m'ma 180 gsm. Ndikudziwa kuti kasitomala amafuna mtengo wotsika. Mufotokozereni, mumuonetse zitsanzo ziwiri agwire ndi manja ake. Kusindikiza kawiri papepala lotchipa kumadya inki yoposa ndalama imene munafuna kupulumutsayo.

Pali zikanda ndi madontho a inki m'mphepete, ndipo nthawi zina ndimamva hedi ikukhula.

Imitsani ntchitoyo nthawi yomweyo. Mpata wa pakati pa hedi ndi pepala ndi wochepa kwambiri, mamilimita 1 kapena 2 basi, ndiye pepala likangotukumuka pang'ono hedi imaligunda. Kugunda kulikonse kumatha kutseka kapena kuwononga timabowo totulutsa inki. Pa HP ndi Canon, mwini makina akhoza kusintha hedi yekha, ngakhale kuti ndi yodula. Pa Epson, Roland, Mimaki ndi Mutoh nthawi zambiri pamafunika mmisiri, ndipo mtengo wake umapweteka.

Pali zinthu ziwiri zimene mungasinthe pa menu. China ndi kukweza hedi. Epson amalemba kuti Platen Gap, Canon amati Head Height, pomwe pa HP zambiri zimasintha zokha mukasankha pepala lokhuthala. China ndi mphamvu ya fani imene imayamwa pepala kuti ligone, pa makina amene ali nayo. Pepala lokhuthala kapena lopindika limafuna kuyamwa kwamphamvu. Lopyapyala kwambiri likayamwidwa mopitirira limakanirira n'kulephera kuyenda, ndiye pamenepo mumatsitsa. Timabowo ta pamene pepala limagonapo tikatsekeka ndi fumbi la pepala, fani imangolira osayamwa kanthu, choncho tiyeretseni.

Musaiwale kubweza hedi pamalo ake mukamaliza. Hedi yokwera kwambiri imachititsa mizere yopyapyala ndi zilembo zing'onozing'ono kuoneka zachimbuuzi, ndipo pa pulani ya nyumba manambala osawerengeka bwino ndi vuto lalikulu.

Pepala limayamba bwino koma limakhota pang'onopang'ono mpaka kukapindika mbali imodzi.

Kukhota kumayambira poika. Mpukutu ukankhidwe mpaka ugunde chotchinga chosasuntha cha pandodo yake, osasiya mpata, ndipo chotchinga chinacho chitsekedwe molimba. Yang'anani kumapeto kwa mpukutu. Ngati zigawo zina zatulukira kunja m'malo mokhala zosalala, uimikeni patebulo loyera muumenye pang'onopang'ono ndi chikhatho mpaka zibwerere. Kutsogolo kwa pepala kukhale kodulidwa mowongoka ndi lezala ndi rula yachitsulo, osati kong'amba ndi manja. Mukalilowetsa, zungulizani mpukutu chambuyo pang'ono kuti pepala likungike mofanana mbali zonse ziwiri, kenaka n'kutsitsa liva, kachogwirira kotsitsa timateyala kuti tipane pepala.

Ngati mukuchita zonsezi koma likukhotabe, onani pansi. Mashopu ambiri pansi pake ndi posalingana, ndipo makina otalika akapendama thupi lake limapotoka pang'ono. Bwerekani levulo kwa amisiri omanga, muyeze, muike kathabwa pansi pa mwendo wofupikawo.

Timateyala todetsedwa timachititsanso zomwezo, chifukwa mbali imodzi imagwira, ina n'kumaterereka. Zimitsani makina, mutipukute ndi kansalu kosathothoka ulusi konyowetsa pang'ono ndi madzi oyera, kapena isopropyl alcohol ngati buku la makina anu likulola. Petulo, palafini ndi thinala zimawononga labala ndi pulasitiki.

Makina akukana mpukutu, kapena akuti mulibe pepala pomwe lilimo.

Pali sensa zimene zimaona pepala ndi kuwala, ndipo fumbi likaziphimba zimasokonezeka. Upizirani ndi kapampu kamanja kapena pukutani ndi kathonje kouma. Dzuwa lowomba molunjika m'makina limazisokonezanso, ndiye tsekani katani. Pepala loonekera mkati monga tracing kapena filimu limafuna kuti musankhe dzina lake pa menu.

Onaninso ngati mpukutuwo ndi wa makina anu. Makina ang'onoang'ono monga HP DesignJet T120 ndi T520 amalandira mpukutu wa paipi ya mainchesi 2, wosapitirira mamilimita 100 kukula kwake m'mimba, monga ya mamita 45 kapena 50 ija. Mipukutu ikuluikulu ya mamita 150 ya paipi ya mainchesi 3 inapangidwira makina ena okopera mapulani. Imaoneka yotchipa mukawerengera pa mita, koma ndi yolemera, ndipo kuikakamiza kumatopetsa mota. Za m'lifupi, wa mainchesi 24 ndi mamilimita 610, ndipo umakwana A1 amene ndi 594 kwa 841. Wa mainchesi 36 ndi mamilimita 914, ndipo ndi umene umafunika pa A0 amene ndi 841 kwa 1189.

Pachithunzi pakubwera mizere yopingasa motalikirana mofanana. Ndi hedi kapena kayendedwe ka pepala?

Yambani ndi nozzle check, imene ndi timizere toyesera timene makina amasindikiza kuonetsa ngati timabowo tonse ta hedi tikutulutsa inki. Ngati pali mipata, yeretsani hedi kaye. Ngati timabowo tonse tikutulutsa bwino, ndiye ndi kayendedwe ka pepala. Mizere yoyera ikusonyeza kuti pepala likusuntha mopitirira, ndipo pakutsala mpata. Mizere yakuda ikusonyeza kuti likusuntha moperewera, inki ikusanjikana. Makina aliwonse ali ndi pokonzera zimenezi. HP amati Paper Advance Calibration, Epson amati Paper Feed Adjust, ndipo Canon ali nazo pa menu ya feed. Chitani zimenezi ndi pepala lenilenilo limene mukufuna kusindikizapo, chifukwa lililonse limaterereka mwa njira yake.

Mmisiri womanga wabweza pulani, akuti sikelo yake sikugwirizana.

Musanaimbe mlandu makina, onani pa kompyuta ngati sipanasankhidwe Fit to page. Imeneyi imachepetsa pulani yonse pang'ono kuti ikwane, ndipo ndi imene imalakwitsa anthu ambiri. Sankhani Actual size kapena 100%. Kenaka jambulani mzere wa mamilimita 500 mopingasa ndi wina motsata utali wa pepala, musindikize, muyeze ndi rula yachitsulo. Ngati wopingasa uli bwino koma winawo wafupika kapena watalika, konzani kayendedwe ka pepala monga tafotokozera pamwambapa. Pa sikelo ya 1:100, milimita imodzi papepala ndi masentimita 10 pamalo omangapo. Popeza pepala limasintha ndi chinyezi ngakhale litachoka m'shopu mwanu, akumbutseni makasitomala kuti omanga azitsata manambala olembedwa papulani, osati kuyeza ndi rula.

Ndili ndi makina a eco-solvent. Banner ndi vinyl zimatukumuka pakati pa timateyala, makamaka m'mawa wa Juni.

Apa vuto si madzi, ndi kutentha. Vinyl ndi banner ndi pulasitiki, ikatenthedwa imatambasuka. Mpukutu wagona usiku wonse m'chipinda chozizira cha ku Dedza, kenaka ukukumana ndi hita yotentha cha m'ma madigiri 40. Umatambasuka mwadzidzidzi pomwe timateyala taupana, ndiye umatukumuka pakati.

Yatsani makina msanga, mpukutu ufunde pang'onopang'ono. Tsitsani hita yoyamba ndi yapakati ndi madigiri angapo, muyese, ndipo ntchito youmitsa muisiyire hita yomaliza. Mukatsitsa kwambiri inki imayenderera, ndiye sinthani pang'onopang'ono mpaka mupeze pabwino, mulembe pakapepala n'kumata pamakina. Gawo limene lakhala pahita nthawi yaitali makina ataima lipitirizeni kutsogolo musanayambe ntchito ina. Gwiritsani ntchito tizitsulo topana m'mphepete. Pa makina odula nawo monga Roland, timateyala tiyenera kukhala pamwamba penipeni pa malo okhakhala a chitsulo chozungulira chapansi, pamene pali zizindikiro. Ngati muli ndi chokulungira kutsogolo, matani banner kuyambira pakati kenaka m'mbali, apo ayi chimakoka mokhota.

Kumbukiraninso kuti kuseli kwa sitika kuli pepala. Limamwa chinyezi pomwe vinyl yapamwamba simwa, ndiye malangizo a kasungidwe aja amakhudzanso mipukutu ya sitika.

Mu Okutobala mapepala amamatirirana, fumbi likukanirira, nthawi zina ndimamva kuthetheka ndikagwira.

Ndi magetsi a static amene amachuluka mpweya ukauma. Onetsetsani kuti soketi yanu ili ndi waya wa earth wogwira ntchito. Kolopani pansi m'malo mosesa, chifukwa tsache limaulutsa fumbi, ndipo chinyontho chapansicho chimathandizako. Mukaweruka phimbani makina ndi nsalu.

Pepala latsakamira, kapena magetsi azima ntchito ili pakati. Ndichite chiyani?

Musakoke ndi mphamvu. Zimitsani makina, kwezani liva kuti timateyala timasule, tsegulani chivundikiro. Ngati hedi ili pamwamba pa pepala lokwinyikalo, ikankhireni kumbali mofatsa, ndipo ikakana musaikakamize, yambani mwachotsa pepala loizinga. Dulani pepala kumbuyo pafupi ndi mpukutu, kenaka kokani chotsalacho ndi manja awiri pang'onopang'ono. Unikani ndi tochi kufunafuna tizidutswa totsalira, chifukwa kachidutswa kamodzi kamatseka sensa kapena kutsakamiritsa pepala lotsatira.

Samalani ndi kalamba kopyapyala koonekera mkati kamene kamadutsa kumbuyo kwa hedi kuchokera mbali ina kufika ina. Ndi encoder strip, ndipo ndi kamene kamauza makina pamene hedi yafika. Kakakandika kapena kuchoka m'malo mwake, makina saona njira. Mpeni ndi sizasi zisafike pamenepo.

Magetsi akazima, hedi imatsala poyera ndipo inki imayamba kuuma. Akangoyaka, yatsani makina kuti hedi ibwerere pogona pake, muikenso pepala mwatsopano. UPS, batire yosungira magetsi akazima, yokwanira kuti muimitse ntchito ndi kuzimitsa bwino ndi yofunika kwambiri kuno kwathu. Yang'anani mphamvu imene makina anu amadya musanagule, chifukwa okhala ndi hita amadya yambiri.

Chifukwa chiyani mavuto amachuluka mpukutu ukatsala pang'ono kutha?

Pepala la pafupi ndi paipi linakulungidwa mothina, ndiye limapindika kwambiri, makamaka pa paipi ya mainchesi 2. Ena amamatanso mapeto ake ndi tepi kapena guluu, ndipo makina akafika pamenepo amakoka n'kutsakamira. Ntchito yaitali ya kasitomala musaiyambe ndi mpukutu wotsala pang'ono. Zotsalazo sungirani nozzle check ndi zoyesera.

Ndiye mmisiri ndimuitane liti?

Muitaneni ngati vuto likupitirira ndi mpukutu watsopano, woikidwa bwino, timateyala tili toyera. Muitaneninso mukamva phokoso la mano a giya akudumphana, mukaona tizidutswa takuda ta labala tikugwera papepala, chimene ndi chizindikiro chakuti lamba wokoka hedi akutha, kapena fani yoyamwa pepala ikasiya kumveka. Pa ma DesignJet ambiri, nambala 86:01 imasonyeza kuti hedi yatchingidwa panjira yake ndipo 81:01 imakhudza kayendedwe ka pepala. Zikamabwerabwera mulibe chotsakamira chilichonse, ndi ntchito ya mmisiri. Ngati makina akadali pa waranti, musamasule chilichonse, chifukwa mukhoza kutaya ufulu wokonzeredwa.

Musanamuimbire, lembani nambala imene makina akuonetsa monga momwe ilili, dzina lonse la makina, mtundu ndi gsm ya pepala, ndiponso zimene mwayesa kale. Jambulani kavidiyo komveka phokosolo, ndi chithunzi cha pepala lowonongekalo chosonyeza mbali imene linayambira kulowa, mumutumizire pa WhatsApp. Akaona zimenezo amatha kukuuzani pafoni pomwepo ngati n'zoti mukonze nokha, ndipo ngati n'zoti abwere, amanyamuliratu lamba kapena timateyala toyenera m'malo moyenda ulendo wa Lilongwe kawiri pa ndalama zanu.